Amayi ambiri amagwa pepala lovotera lisanasindikizidwe

Pali ziwerengero zitatu zimene zimakana kukhala m'thumba limodzi. Mu 2023 UNDP, bungwe la United Nations loona za chitukuko, litaunika maganizo a anthu m'maiko 80, lidapeza kuti pafupifupi theka la anthu amakhulupirira kuti utsogoleri wa ndale amautha ndi abambo kuposa amayi. Chaka cha 2022, akatswiri awiri, Susanne Schwarz ndi Alexander Coppock, adaika pamodzi zotsatira za kafukufuku 67 wa mtundu umodzi. Ovota amapatsidwa mbiri za anthu ongopeka, mmene zaka, ntchito, chipani ndi zoti uyu ndi mwamuna kapena mkazi zimasinthidwa mwachisawawa, n'kufunsidwa kuti angavotere ndani. Amayi sadaluze. Adaposa abambo pang'ono, ndi mavoti pafupifupi awiri pa 100 alionse. Chachitatu ndi cha IPU, mgwirizano wa nyumba za malamulo za padziko lonse: kumayambiriro kwa 2025 amayi adali ndi mipando 27 yokha pa mipando 100 iliyonse. Mu 1995 idali 11.

Zitatu zonsezi n'zoona, ndipo zimagwirizana mukangochotsa maso pa tsiku loponya voti. Wovota amasankha pa maina amene wawapeza papepala, ndipo pepalalo limafika m'manja mwake ena atapeta kale. Tsankho lochuluka limachitikira pa lichero limenelo, miyezi kapena zaka m'mbuyo, pamalo opanda oyang'anira chisankho ndi makamera. Wowerenga mavoti okha amabwerako ndi yankho lakuti tsankho kulibe, chifukwa amene lidawagwetsa sadafike pamzere wowerengedwa.

Khomo la chipani

Kupeta koyamba ndi kwakuti ndani amauzidwa kuti "taimani". Ndi ochepa amene amadzuka okha n'kukalembetsa. Ambiri amachita kunong'onezedwa ndi wapampando wa chipani, phungu amene akufuna kupuma, kapena wabizinesi amene amathandiza chipanicho. Kuyambira 2001, Richard Fox ndi Jennifer Lawless akhala akufunsa maloya, aphunzitsi, abizinesi ndi omenyera ufulu ku United States, anthu ofanana maphunziro ndi ntchito. Ulendo uliwonse amapeza zomwezo: amayi amene adayamba alimbikitsidwapo ndi munthu wandale kuti aime ndi ochepa kuyerekeza ndi abambo, ndipo ndi ochepanso amene amadziona kuti akukwanira. Wonong'oneza amanong'oneza amene amacheza naye, ndipo macheza a andale amachitika usiku, m'malo amene mayi akapezekamo kumacha dzina lake litaipa.

Wopyola apa amakumana ndi chisankho cha chipulula. Pa ndondomeko yonse ya chisankho, apa ndi pamene malamulo ali ofooka koposa. M'maiko ambiri bungwe loyendetsa chisankho silifikako, atolankhani amakhala owerengeka, ndipo wodandaula amakadandaula kwa omwewo amene amulakwira. Njira zogwetsera munthu n'zodziwika. Mndandanda wa nthumwi zovota umatuluka usiku wa dzulo lake uli ndi makomiti atsopano amene palibe adawamvapo. Malo amasinthidwa m'mawa, uthenga n'kufika mbali imodzi. Kuvota kumachedwetsedwa mpaka dzuwa kupendeka kuti kuwerenga kuchitike mumdima. Kumene amavota pofola kumbuyo kwa munthu, aliyense amaona amene waima kumbuyo kwa mayi, kuphatikizapo uja adagawa ndalama dzulo. Abambo nawonso zimawagwera zimenezi. Kusiyana kuli pakuti amene ali ndi mnzake m'komiti yaikulu amatsinidwa khutu msanga, ndipo makomiti aakulu a zipani ngodzaza ndi abambo. Amayi amakhala ku nthambi ya amayi, imene m'zipani zambiri ntchito yake ndi kudzadzitsa misonkhano. Posankha oimira chipani, nthambiyo imamva ngati wina aliyense.

Pali tsankho lina lovuta kuligwira chifukwa wolichita amalumbira kuti alibe tsankho. Amati: "Ine mayiyu ndilibe naye vuto, ntchito amaitha. Koma anthu sangamuvotere." Regina Bateson, m'kafukufuku amene adatuluka mu 2020, adapeza kuti anthu a ku United States amaganizira anzawo tsankho lalikulu kuposa limene anzawowo ali nalo. Choncho nthumwi imene ikufunadi kuti chipani chipambane imavotera bambo poopa mitima ya ena, mitima imene sidaifunse. Ndipo poti mayiyo sadaime, palibe amene adzadziwe kuti akadapambana. Chikhulupirirocho chimadzidyetsa chokha chisankho ndi chisankho.

Chotsala ndi funso lakuti amayi amene adutsa aimikidwa kuti. Chipani chimatha kulengeza monyadira kuti chaimika amayi 30 pa 100, chikudziwa kuti ambiri chawaponya m'madera amene sichidapambaneko chiyambire. Michelle Ryan ndi anzake ataunika chisankho cha ku Britain cha 2005 adapeza kuti amayi a chipani cha Conservative adapatsidwa madera ovuta kuposa a abambo, ndipo kuvuta kwa maderawo kukawerengeredwa, kusiyana kwa mavoti a amayi ndi abambo kumatha. Wofuna kuyeza chipani asafunse kuti chaimika amayi angati. Atenge madera onse, awagawe patatu potengera zotsatira za chisankho chapitacho: amene chipanicho chidapambana mosavuta, amene kusiyana kudali kochepa, ndi amene chidagonja kutali. Kenako awerenge amayi m'gulu lililonse. Ayerekezenso mavoti a mayi woimira uphungu ndi mavoti amene woimira upulezidenti wa chipani chomwecho adapeza m'dera lomwelo. Ngati mayiyo sadatsike kuposa mmene abambo a chipanicho adatsikira kwawo, vuto silidali ovota.

Ndalama nazo zimapeta mwakachetechete. Ku Zimbabwe, chisankho cha 2023 chisanachitike, ndalama yolembetsera wofuna upulezidenti idakwera kuchoka pa madola a ku America 1,000 kufika pa 20,000, ndipo ya uphungu kuchoka pa 50 kufika pa 1,000. Mu 2018 amayi anayi adapikisana nawo pa upulezidenti. Mu 2023 adalipo mmodzi, Elisabeth Valerio, ndipo adachita kulowera kukhothi. Zipani ndi mabungwe a chisankho amakonda kuchepetsera amayi ndalama yolembetserayi, chifukwa n'chinthu chooneka komanso chotchipa. Komatu imeneyi ndi kachigawo kakang'ono ka zimene kampeni imadya. Tiyerekeze kuti dera lili ndi malo ovotera 60. Pamalo aliwonse pafunika mamonita awiri, kuti wina akatuluka wina atsale. Amenewo ndi anthu 120 ofunika kuwaphunzitsa, kuwanyamula, kuwasamala kuyambira m'bandakucha mpaka kuwerenga kutatha, ndi kuwagulira mayunitsi kuti atumize chithunzi cha pepala la zotsatira losainidwa. Wopanda mamonita alibe pepala limenelo, ndipo wopanda pepalalo alibe mlandu kukhothi. Mayi amawonjezerapo zimene bambo nthawi zambiri saziwerengera: omuteteza, galimoto yoperekeza pobwerera usiku, wotsala ndi ana. Ndalama zonsezi zimachokera ku malo, ku nyumba, ku ngongole ya kubanki yofuna chikole, ndi kwa abizinesi amene amabetcha pa wooneka kuti apambana. Wabizinesiyo naye amanena mawu aja: ine ndilibe naye vuto, koma.

Dzina la munthu

Bambo wandale amanenedwa kuti ndi wakuba, wabodza, chidakwa. Mayi amanenedwa zomwezo, kenako n'kuwonjezera za thupi lake. Mawu ake ndi ochepa, ndipo amafanana modabwitsa kuchokera dziko ili kupita dziko lina: hule, chumba, mfiti, wolephera banja. Wokwatiwa amafunsidwa kuti ana wasiyira ndani. Mbeta amafunsidwa kuti angasunge bwanji dera pamene mwamuna adamukanika. Wokwatiwa kudera lina amauzidwa kwawo kuti adachoka, kwa mwamuna wake n'kuuzidwa kuti ndi wobwera. Ku Australia, seneta wina adanena mu 2007 kuti Julia Gillard sayenera kutsogolera dziko chifukwa adasankha dala kusabereka, ndipo mu 2011, mayiyo ali nduna yaikulu, mtsogoleri wa otsutsa boma Tony Abbott adalankhula pa chionetsero kumbuyo kwake kuli chikwangwani chomutchula Gillard kuti mfiti. Ku New Zealand, Jacinda Ardern atangosankhidwa kutsogolera chipani cha Labour mu Ogasiti 2017, tsiku lisanathe adafunsidwa pa wailesi ya kanema za maganizo ake obereka mwana.

Kafukufuku amene amaonetsa bwino mmene zimenezi zimagwirira ntchito adachitika ku Malawi. Amanda Clayton, Amanda Robinson, Martha Johnson ndi Ragnhild Muriaas, mu zimene adafalitsa mu 2020, adapatsa ovota mbiri zongopeka zija ndipo ovotawo adakondako amayi pang'ono. Koma atakhala pansi ndi amayi amene adaimadi pa chisankho, adamva za kampeni yodzaza ndi mabodza okhudza chiwerewere ndi mabanja awo. Apa ndiye pali yankho la ziwerengero zija. Mayi wa papepala la kafukufuku alibe womuneneza. Mayi weniweni amafika pa tsiku lovota atasenza mphekesera za miyezi isanu ndi umodzi.

Ambiri amaganiza kuti chipongwe choterechi cholinga chake ndi kusintha mtima wa wovota. Zimachitika, koma amene chimalasa kwenikweni ndi anthu ochepa ozungulira mayiyo: mwamuna wake, apongozi, ana amene akusekedwa kusukulu, akuluakulu a mpingo, ndi uja amalipira mafuta a galimoto. Mmodzi wa amenewa akanena kuti "basi, zakwana", kampeni yatha popanda voti ngakhale imodzi kusintha. Ndipo banja limalemedwadi. Ngakhale ku Sweden, dziko lotamandidwa pa nkhani za kusasiyanitsa amuna ndi akazi, Olle Folke ndi Johanna Rickne adapeza kuti mayi akapambana umeya kapena uphungu, mpata woti banja lake lithe umakwera pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi mayi amene adaluza pang'ono. Kwa abambo sikusintha kanthu.

Masiku ano kuli zithunzi. Diane Rwigara atalengeza mu Meyi 2017 kuti adzapikisana nawo pa upulezidenti wa Rwanda, pasanathe masiku ambiri pa intaneti padatuluka zithunzi zamaliseche zimene iye adati n'zopeka. Ku Northern Ireland, masabata ochepa chisankho cha Meyi 2022 chisanachitike, kanema wolaula wabodza adafalitsidwa pa WhatsApp ponena kuti ndi Cara Hunter, phungu amene amateteza mpando wake. Adapambana ndi mavoti 14 okha. Nthawi yotulutsira zinthu zotere imasankhidwa mwadala: kumapeto kwa kampeni, pamene khothi, apolisi kapena kampani ya tsamba la mchezo sangachite kanthu anthu asanavote. Wonenezedwayo akakana poyera ndiye kuti wadziwitsa amene sadamve. Akakhala chete amati wavomera. Magulu a kampeni odziwa ntchito amakonzekeratu. Amagwirizana pachiyambi kuti woyankha adzakhala ndani, ndipo sakhala mwini wake. Amauziratu a kubanja kuti zoterezi zibwera, kuti tsiku limenelo asadzamvere kwa anthu. Amasunga uthenga uliwonse pamodzi ndi tsiku, ola ndi nambala ya wotumiza asanaufafanize, n'kukapereka dandaulo lolembedwa tsiku lomwelo.

Kuchokera pa chipongwe kufika pa kuopseza si patali. Mu 2016 IPU idafunsa aphungu aakazi 55 a m'maiko 39. Oposa 80 pa 100 adachitiridwapo nkhanza za m'maganizo, ndipo 44 pa 100 adaopsezedwapo kuti aphedwa, agwiriridwa, amenyedwa kapena abedwa. Mu 2021 idafunsa amayi 224 a m'nyumba za malamulo za maiko 50 a mu Africa, aphungu ndi ogwira ntchito. Mwa aphunguwo, 42 pa 100 adaopsezedwapo motero, 40 pa 100 adachitidwapo chipongwe chokhudza kugonana, ndipo 23 pa 100 adachitiridwapo nkhanza zapathupi. Ochita zambiri mwa izi adali aphungu anzawo aamuna, a chipani china ngakhalenso a chipani chawo chomwe. Ku Bolivia, khansala Juana Quispe adaletsedwa kwa nthawi yaitali kulowa m'mikumano ya khonsolo imene anthu adamusankhira, ndipo mu Malichi 2012 adapezeka ataphedwa. Mu Meyi chaka chomwecho dzikolo lidakhazikitsa lamulo la nambala 243 loletsa kuzunza amayi m'ndale. Ku Britain, Amnesty International idapeza kuti m'masabata asanu ndi limodzi otsogolera chisankho cha 2017, pafupifupi theka la mauthenga onse onyoza a pa Twitter opita kwa aphungu aakazi adalunjika kwa munthu mmodzi, Diane Abbott, mayi woyamba wakuda kukhala phungu kumeneko. Mu 2019 aphungu ena awiri aakazi a kumeneko, Heidi Allen ndi Nicky Morgan, adatchula chipongwe pofotokoza chifukwa chosaimanso.

Kusaimanso kumeneku kumavulaza chisankho kuposa mmene kumaonekera. Phungu amene ali kale pampando ali ndi dzina, mamonita ozolowera ntchito ndi omuthandiza ndalama. Akachoka patatha nthawi imodzi, wobwera amayambiranso pa khomo la chipani lija. Unduna ndi utsogoleri wa chipani zimapita kwa okhalitsa, choncho nyumba imatha kukhala ndi amayi ochulukirapo chisankho chilichonse koma onse ali atsopano.

Nanga ovota eni ake?

Kunena kuti tsankho lalikulu lili m'zipani sikutanthauza kuti ovota ndi oyera. Mtima wawo umaonekera kwambiri pa mpando umodzi wapamwamba, ndiponso pamene wandale wina wasankha kuutsegula dala. Hillary Clinton adaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni mu 2016, koma adaluza upulezidenti chifukwa cha mavoti osakwana 80,000 m'zigawo zitatu: Michigan, Pennsylvania ndi Wisconsin. Brian Schaffner ndi anzake adapeza kuti maganizo odana ndi amayi, monga akuti amayi amangofuna kulamulira abambo, adalosera bwino mmene munthu adavotera chaka chimenecho, ngakhale chipani chake ndi chuma chake zitawerengeredwa. Kusiyana kukachepa chonchi, chilichonse chimatha kutchedwa chifukwa, ndipo wonena kuti Clinton adagwa ndi tsankho lokha akunama mofanana ndi wonena kuti tsankho silidakhudze. Ku South Korea mu 2022 opikisana akuluakulu onse adali abambo, komabe nkhani ya amayi idagawa chisankho. Yoon Suk-yeol adalonjeza kuthetsa unduna woona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi, anyamata a zaka za m'ma 20 ambiri adamuvotera, atsikana a msinkhu womwewo ambiri adavotera Lee Jae-myung, ndipo Yoon adapambana ndi kusiyana kosakwana voti imodzi pa 100.

Chinanso n'chakuti mayi akalakwa salakwa yekha. Joyce Banda adalowa pa upulezidenti wa Malawi mu Epulo 2012 Bingu wa Mutharika atamwalira, ndipo mu 2014 adakhala wachitatu. Zifukwa zidalipo zenizeni: kuchepetsedwa mphamvu kwa kwacha ndi kubedwa kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate. Koma pa kampeni padamvekanso zoti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, ndipo aphungu aakazi adatsika kuchoka pa 43 mu 2009 kufika pa 32. Nsomba ikaola imodzi akuti zonse zaola, koma mwambiwu m'ndale umagwira amayi okha. Palibe dziko limene pulezidenti wamwamuna atalephera anthu adati abambo tawayesa, zakwana.

Kwina tsankho limafika pa wovota wamkazi mwiniyo. Pa chisankho chachibwereza cha ku Lower Dir m'dziko la Pakistan mu 2015, panalibe mayi ngakhale mmodzi amene adaponya voti. Lamulo la chisankho la 2017 lidapatsa bungwe loyendetsa chisankho mphamvu yofafaniza zotsatira za dera ngati mavoti a amayi sadakwane 10 pa 100 a mavoti onse, ndipo mu 2018 lidachitadi zimenezo kudera lina la ku Shangla. Lamuloli limagwira ntchito chifukwa chimodzi chaching'ono: mavoti a amayi ndi abambo amawerengedwa padera. Kumene sawerengedwa padera, vutolo silioneka n'komwe.

Lamulo loikiratu chiwerengero: zimene zimalimba ndi zimene zimadontha

Poti vuto lili pa khomo, mankhwala amene asintha zinthu mwachangu ndi amene amakakamiza khomolo. Argentina ndiyo idayamba mu 1991 ndi lamulo lakuti pa oimira chipani chilichonse, 30 pa 100 akhale amayi. Kuyambira pamenepo maiko ambiri ayesa, ndipo kulephera kwawo n'kumene kwaphunzitsa kuti lamulo lotere lili ndi ziwalo zingati.

Chiwerengero pachokha sichikwanira. Kumene anthu amavotera chipani ndipo mipando imagawidwa potsata mndandanda, chipani chimangoika amayi kumunsi kumene mipando siifika. Costa Rica idalamula 40 pa 100 mu 1996, koma pa chisankho cha 1998 amayi adapeza mipando 19 pa 100. Khothi la chisankho litagamula kuti amayiwo aziikidwa pa malo opambanika, mu 2002 adafika 35 pa 100. Senegal idaphunzirapo. Lamulo lake la 2010 limati maina azisinthana, mwamuna mkazi, mwamuna mkazi, ndipo mndandanda wosatsata zimenezi sulandiridwa. Pa chisankho cha 2012 amayi adalumpha kuchoka pa mipando pafupifupi 22 pa 100 kufika pa 64 mwa mipando 150.

Chilango ndicho chiwalo chachiwiri, ndipo chindapusa n'chofooka kuposa kukana mndandanda. France idakhazikitsa lamulo la theka ndi theka mu 2000, koma pa chisankho cha aphungu chilango chidali kuchepetsedwa kwa ndalama zimene boma limapatsa zipani. Zipani zikuluzikulu zidawerengetsa n'kuona kuti kulipira kuli bwino, ndipo mu 2002 amayi adali 71 mwa aphungu 577. Dziko lomwelo litalamula kuti pa chisankho cha makhonsolo a zigawo cha 2015 anthu azivotera awiriawiri, mwamuna ndi mkazi pa tikiti imodzi, theka lidakwana tsiku limodzi. Chindapusa chimaluma pokhapokha chikakula. Ku Ireland chipani chosakwanitsa 30 pa 100 chinkataya theka la ndalama zake za boma, ndipo aphungu aakazi adakwera kuchoka pa anthu 25 mu 2011 kufika pa 35 mu 2016. Kenya ndiyo chitsanzo cha lamulo lopanda dzino: malamulo aakulu a 2010 amati amuna kapena akazi asapitirire magawo awiri mwa atatu a nyumba, koma aphungu akhala akulephera kukhazikitsa njira yake, mpaka mu Sepitembala 2020 mkulu wa makhothi David Maraga adalangiza pulezidenti Uhuru Kenyatta kuti athetse nyumbayo. Sidathetsedwe.

Ndiye pali kuzemba. Ku Mexico mu 2009, aphungu aakazi asanu ndi atatu atangolowa m'nyumba adapempha kuchoka kuti mipando ipite kwa owalowa m'malo, amene adali abambo. Khothi la chisankho lidatseka mpatawo mu 2011 polamula kuti wolowa m'malo mwa mayi akhalenso mayi. Zipani zitayamba kuponya amayi m'madera oluza, malamulo a 2014 adaletsa, ndipo madera adayamba kugawidwa m'magulu potengera mphamvu ya chipani, monga kuyeza kuja tafotokoza. Mu 2021 nyumbayo idakhala ndi amayi 250 ndi abambo 250, ndipo mu 2024 opikisana awiri otsogola pa upulezidenti, Claudia Sheinbaum ndi Xóchitl Gálvez, onse adali amayi. Zidatenga zaka zoposa khumi za kutseka bowo limodzi ndi limodzi. Ku Brazil kuzemba kwake kudali kulembetsa amayi a dzina lokha: pa chisankho cha makhonsolo cha 2016, amayi oposa 14,000 sadapeze voti ngakhale imodzi, ngakhale yawo yomwe. Mu 2018 makhothi adalamula kuti 30 pa 100 ya ndalama za boma za kampeni izipita kwa amayi, ndipo tsopano chipani chikapezeka ndi oimira achinyengo, mndandanda wake wonse umatha kufafanizidwa, opambana omwe.

Kumene dera lililonse limasankha phungu mmodzi, lamulo lotere n'lovuta, chifukwa mpando umodzi sugawika. Maiko ambiri a mu Africa adasankha kuwonjezera mipando yapadera: 47 ku Kenya, 60 ku Zimbabwe kuyambira 2013, 24 mwa 80 ku Rwanda. Chiwerengero chimakweradi, ndipo Rwanda mu 2008 idakhala dziko loyamba kukhala ndi aphungu aakazi oposa theka, ngakhale kuchuluka kwa amayi m'nyumba sikunena kanthu za ufulu wa otsutsa boma. Kudontha kwa njirayi n'kwakuti zipani zimayamba kuuza amayi kuti "inu muli nayo mipando yanu", n'kuwachotsa pa mipando ya madera. Ndipo amene walowa chifukwa chosankhidwa ndi akuluakulu a chipani amayang'ana kwa iwowo, poti alibe dera lomugwirira kumbuyo.

India idayesa njira ina m'makhonsolo a m'midzi kuyambira 1993: mipando yosachepera gawo limodzi mwa atatu imasungidwira amayi, ndipo mipandoyo imasinthasintha. Vuto lake lodziwika ndi mwamuna amene amalamulira m'dzina la mkazi wake wosankhidwa. Koma poti mipandoyo imasankhidwa mwachisawawa, akatswiri adatha kuyeza zotsatira bwinobwino. Lori Beaman, Esther Duflo ndi anzawo adapeza ku West Bengal kuti mudzi ukatsogoleredwa ndi mayi kamodzi, anthu amamuweruza mwankhanza, koma ukatsogoleredwa kawiri, abambo amasiya kuona amayi ngati osatha ntchito. Rikhil Bhavnani adapeza ku Mumbai kuti mpando ukatsegulidwanso kwa onse, mpata woti mayi apambane umakhala wokwera pafupifupi kasanu kuposa pa mpando umene sudasungidwepo. Kwa odandaula kuti njirazi zimagwetsa anthu oyenera, yankho lidachokera ku Sweden. Chipani cha Social Democrats chitalamula mu 1993 kuti maina azisinthana, Timothy Besley ndi anzake adapeza kuti luso la makhansala aamuna lidakwera, chifukwa amene adataya malo adali abambo ofooka, aja ankasungidwa chifukwa samaopseza wapampando.

Umboni

Makhothi ayamba kuvomera kuti chipongwe chikhoza kuipitsa zotsatira za chisankho monga mmene kuba mavoti kumachitira. Mu 2021 khothi la chisankho la Mexico lidafafaniza chisankho cha meya wa Iliatenco, m'chigawo cha Guerrero. Masiku omaliza anthu asanavote, pa zipupa ndi m'misewu padalembedwa mawu akuti yafika nthawi ya abambo ndi akuti mkazi asalamulirenso, ena otchula dzina la Ruperta Nicolás Hilario, meya amene amateteza mpando wake. Adaluza ndi mavoti osafika 100. Khothi silidafune kuti adziwike amene adagwira utoto. Lidayang'ana zinthu zina: mawuwo adalembedwa pati, adaoneka liti, ovota amadutsa pamenepo popita kukavota kapena ayi, ndipo kusiyana kwa mavoti kudali kochepa bwanji.

Mafunso amenewo ndi amene amauza gulu la kampeni zoyenera kusunga. Chithunzi cha chikwangwani chonyoza chijambulidwe chisanafufutidwe, chionetse malo ozungulira kuti adziwike, ndipo tsiku lake lilembedwe. Mtunda wochokera pamenepo kufika pamalo ovotera uyezedwe. Zimene wandale wanena pamsonkhano zijambulidwe zonse kuyambira poyamba, chifukwa kachidutswa ka masekondi khumi amakakana kuti kadadulidwa. Dandaulo lipite ku bungwe loyendetsa chisankho kapena kupolisi tsiku lovota lisanafike, ndipo wolandira asaine ndi kudinda pa kope yotsala. Dandaulo loyamba kumveka zotsatira zitatuluka, loya wa mbali inayo amalitcha kulira kwa woluza, ndipo nthawi yokasuma mlandu wa chisankho m'maiko ambiri imawerengedwa m'masiku.